Pakhonde pa Azakhali: Sienta Yanga Ikuwira Ngati Mphika wa Nyemba

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Miyezi inayi yapitayo ndinagula Toyota Sienta kwa bambo wina amene ankaiyendetsa ngati takisi. Ndi yooneka bwino, penti yonyezimira, mipando yosang'ambika. Ndinaikamo masipika atsopano, magalasi n'kudetsa.

Mwezi watha ndinapita ku Nchalo kukatenga mayi a chibwenzi changa kuti adzaonane ndi adokotala kuno. Popita zonse zinali bwino. Pobwerera, titadutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera phiri, tinapezeka kumbuyo kwa thiraki ya shuga imene inkayenda ngati nkhono. Posakhalitsa kanyali kofiira kanayaka padashibodi. Ndinati ndilimbe mtima ndikaime pamwamba, koma nthunzi inayamba kufuka kuboneti. Nditaima ndinatsegula chitsekerero cha rediyeta ndi kansanza, madzi anandithovokera n'kundiwaula dzanja. Apongozi anakhala pamwala maola awiri atafunda chitenje kumutu, osanena kanthu.

Kuchokera tsikulo ndimayenda ndi zigubu ziwiri za madzi, ndipo m'mawa uliwonse ndimathira pafupifupi lita imodzi. Ndikakhala pamzere wa magalimoto ku Limbe kanyali kaja kamayakanso, koma msewu ukatseguka n'kuthamangako kamazima. Makaniko wina akuti tichotse thermostat chifukwa ndi ya kumaiko ozizira. Wina akuti gasiketi yapsa, ndipo ndalama imene akutchula ndi ya malipiro anga a miyezi iwiri. Mnzanga akuti ndiswere dzira mu rediyeta. Mayi anga akuti alipo wina wa nsanje m'banjamu. Chibwenzi changa chikuti sichikweranso galimoto ya zigubu. Ndichite chiyani?

Ine Wothedwa Nzeru,
Chilomoni

Mwana wa achimwene anga iwe,

Dzanjalo lapola? Ndayamba ndi limenelo chifukwa galimoto amagula ina, koma khungu la munthu alibe nalo shopu ku Limbe. Ngati pali matuza aakulu kapena bala likutuluka madzi, pita kuchipatala, usapakepo mankhwala otsukira mano monga muchitira anyamata a masiku ano.

Tsono khala pansi apa. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo ndaseka mpaka mdzukulu wanga kubwera kudzaona ngati ndatsamwa. Ndalama ya masipika unali nayo, ya kudetsa magalasi unali nayo, koma boneti sunaitsegulepo miyezi itatu yathunthu. Unagula galimoto kapena wailesi ya matayala? Chikomekome cha mkuyu, mwanawe, m'kati muli nyerere. Ndipo apongozi ako aja ndawapatsa ulemu. Mayi wokhala pamwala maola awiri padzuwa la ku Chikwawa osatulutsa liwu, ameneyo mawu ake akusungira tsiku la chinkhoswe. Konzekera.

Mwina ukudabwa kuti nkhalamba ya mpango kumutu ikudziwa chiyani za injini. Malemu amuna anga anayendetsa lole zaka zambiri, ndipo ine ndi amene ndinkawagwirira tochi usiku iwo ali chagada pansi pa galimoto. Ankakonda kunena kuti galimoto siifa mwadzidzidzi, imayamba yadandaula, koma eni ake amakweza wailesi. Iwe wachita kuikamo masipika kuti usaimve bwino.

Za ufiti tithane nazo msanga. Alamu anga, mayi akowo, uwauze kuti mfiti imene yalodza galimoto yako ndi yaulesi kwambiri, chifukwa imangogwira ntchito pachitunda ndi pamzere wa ku Limbe, msewu ukatseguka imapita kukapuma. Matenda osankha malo ngati amenewo ali ndi chifukwa chake, ndipo malowo ndi amene akutiuza kumene kuli vuto.

Injini ndi ng'anjo. Petulo akamapsa m'kati mwake, mphamvu yambiri imasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. Madzi amazungulira m'timisewu ta m'kati mwa injini, pampu ndiyo imawakankha, amakafika ku rediyeta kumene mphepo imawaziziritsa, n'kubwereranso. Galimoto ikamathamanga, mphepo imalowa yokha kutsogolo. Ikaima kapena ikamakwawa, ntchito yokoka mphepo imatsalira fani. Tsono tayang'ana nkhani yako. Kumbuyo kwa thiraki ya shuga, injini ikukoka mwamphamvu pachitunda, liwiro la nkhono, mphepo palibe: yawira. Pamzere wa ku Limbe, mphepo palibe: yatentha. Msewu watseguka, mphepo yalowa: kanyali kazima. Ine woyamba kumuitanira kubwalo ndi fani.

Kumuzenga mlandu sikulira ndalama. Imika galimoto pabwalo, liza injini, yatsa AC, tsegula boneti uyang'ane. Pa galimoto zambiri zoterezi fani imayenera kuzungulira AC ikayaka. Ukatero zimitsa AC, isiye injini ilire mpaka itenthe, uone ngati fani idzuka yokha. Diso limodzi likhale pa kanyali kaja, kakayaka uzimitse pomwepo. Zala, tayi ndi malaya zikhale kutali, chifukwa fani ya magetsi imadzuka osagogoda. Ikapanda kuzungulira, yambira pa zotchipa: fyuzi, relay, mawaya ndi pulagi yake, kachipangizo koyeza kutentha, ndipo pomalizira mota ya faniyo. Ndaonapo anthu akugula rediyeta yatsopano pamene chinafa ndi fyuzi ya mtengo wa mandasi ochepa. Ndipo wina akakuuza kuti angoilumikiza dailekiti kuti izizungulira nthawi zonse, dziwa kuti wabisa matenda, sanachize. Zimenezo n'zongokufikitsa kunyumba.

Koma fani yakufa siimwa lita ya madzi tsiku lililonse. Apa pali mlandu wachiwiri. Injini ya Sienta yako, pamodzi ndi rediyeta ndi mapaipi ake onse, siilowa madzi opitirira malita 6. Njira yake ndi yotsekeka, ndipo galimoto yabwinobwino imatha miyezi osapempha ngakhale kapu imodzi. Yako ikumwa ngati ng'ombe ya ku Ngabu mu Okutobala, ndiye kuti madziwo ali ndi kumene akupita. Kumeneko kulipo kuwiri basi: akudontha panja, kapena akulowa m'kati mwa injini. Zigubu zakozo si mankhwala, ndi chiphuphu chimene ukupereka m'mawa uliwonse kuti mlandu usafike kukhoti.

Madzulo ano yala katoni pansi pa injini, m'mawa ukaiwerenge ngati kalata. Kenako, injini ili yozizira, tenga tochi uyendere malo awa. Mutu wa rediyeta pa galimoto zimenezi ndi wa pulasitiki, ndipo ukakalamba umasintha mtundu n'kuyamba kung'aluka timing'alu tonga tsitsi, makamaka pamene pulasitiki yakumana ndi chitsulo. Finya mapaipi a labala: yofewa ngati nthochi yakupsa, yotupa, kapena youma yosweka m'mphepete, yatha ntchito. Yang'ana pamene paipi iliyonse yamangidwa. Yang'ana pansi pa pampu ya madzi, pali kabowo kamene kamayamba kulira misozi pampu ikatopa. Madzi otentha amauma msanga, choncho nthawi zina supeza chonyowa, umangopeza zoyera kapena zofiirira zouma ngati mchere wa thukuta pa kolala. Pomaliza gwira kapeti kutsogolo kumene kumakhala mapazi. Ikakhala yonyowa ndipo m'galimoto mukumveka kafungo kotsekemera, ndiye kuti karediyeta kakang'ono ka hita, kobisala kuseri kwa dashibodi, kakudontha.

Usaiwale chitsekerero chimene chinakuwaula chija, pakuti anthu amachiyesa chivundikiro wamba. Chitembenuze uone: chili ndi sipuling'i ndi timalabala, ndipo pamwamba pake palembedwa nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1. Ntchito yake ndi kupanikiza madzi kuti asawire msanga. Kuno ku Blantyre, poti tili pamtunda, madzi a pamoto amawira pa madigiri pafupifupi 97, pamene injini pantchito yake imafika m'ma 90 momwemo. Waona kuyandikana kwake? Chitsekerero chabwino chimakankhira kuwirako kufika cha m'ma 120. Labala wake akatha, madzi amawira msanga n'kuthawira m'kachigubu ka pambali mpaka kusefukira, iwe n'kumadabwa kuti akupita kuti. N'chifukwa chakenso unapsa. Madzi aja anali atapitirira kale pa 100, chimene chinkawagwira ndi chitsekererocho, ndiye iwe unawatsegulira chitseko. Ngakhale mwana wa Sitandade 5 amadziwa kuti Fanta wokhutchumula satsegulira kumaso.

Tsopano za gasiketi, zimene zikukusowetsa tulo. Sindikunamiza, makaniko wachiwiriyo mwina akunena zoona, ndipo ngati akunena zoona wolakwa ndi iwe. Injini ya galimoto yako ndi ya aluminiyamu. Chitsulo chimenechi n'chopepuka koma sichipirira moto. Paja unati ulimbe mtima ukaime pamwamba? Mphindi zochepa zomwezo zimakwana kupinda silinda hedi, gasiketi n'kusiya kugwira. Kanyali kofiira si malangizo ayi, ndi lamulo. Galimoto zambiri zing'onozing'ono za ku Japan zilibe kasingano koonetsa kutentha kakukwera pang'onopang'ono. Zili ndi kanyali kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndi kofiira konena kuti zinthu zafika kale pamwana wakana phala.

Koma usapereke malipiro a miyezi iwiri chifukwa munthu wayang'ana injini n'kupukusa mutu. Gasiketi yopsa ili ndi mboni zake. M'mawa injini isanalire, tsegula chitsekerero, dzaza madzi, liza injini uyang'ane pakamwa pa rediyeta. Tithovu tiwiri titatu poyamba si kanthu, koma thovu losalekeza ngati thobwa lofufuma, kapena madzi kuchita kulumpha, ndiye kuti mpweya wa m'masilinda ukulowa m'madzi. Solola kachitsulo koyezera oilo, tsegulanso pothirira oilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi ndi oilo zakwatirana popanda ankhoswe. Pita kumbuyo ukaone ekizozi: kautsi koyera ka m'mawa kozizira kamatha pakapita mphindi zochepa, koma utsi woyera wochuluka wosatha injini itatentha, wa fungo lotsekemera, ndi madzi amene akupsa. Injini ikamanjenjemera poyamba kulira m'mawa kenako n'kukhazikika, nayonso ndi mboni. Dziwanso kuti gasiketi ikhoza kupsa oilo ali woyera bwinobwino, choncho mboni imodzi siikwana kumasula kapena kumanga munthu.

Galaja yodziwa ntchito ili ndi zida zothetsa mkangano. Pali kapampu kamene amamanga pakamwa pa rediyeta n'kupopa, kuti aone ngati mphamvu ikutsika ndi pamene madzi akutulukira. Pali mankhwala a buluu amene amasanduka achikasu akakumana ndi utsi wa injini wochokera mu rediyeta. Pali geji yoyeza mphamvu ya silinda iliyonse. Makaniko amene akufuna kumasula injini asanachite ngakhale chimodzi mwa izi, umufunse mwaulemu kuti, "Abwana, mwaona chiyani?" Akakwiya ndi funsolo, tenga makiyi ako. Ndipo zikapezeka kuti yapsadi, hedi ipite kwa a injiniyaring'i akaiyeze ngati yapindika kapena kung'aluka, aipale ngati m'pofunika. Kuika gasiketi yatsopano pa hedi yopindika ndi kufolera udzu watsopano pa denga lothyoka phaso. Komanso chimene chinayambitsa kutentha chikonzedwe, apo ayi udzapsereza yachiwiri pa phiri lomwelo, mwinanso ndi apongozi omwewo.

Makaniko woyamba uja, wa thermostat ya kumaiko ozizira, ndikumudziwa. Sindinamuonepo, koma ali ndi abale ake pansi pa mtengo uliwonse wa mango kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Thermostat ndi mlonda wa pageti. Injini ikakhala yozizira amatseka njira ya ku rediyeta kuti itenthe msanga, ikafika pa mlingo wake amatsegula. Pa Toyota zambiri nambala yake ndi 82, yolembedwa pa chitsulo chake chomwecho. N'zoona kuti mlondayu nthawi zina amafa geti lili chotseka, ndipo zikatero injini imatentha patangopita mphindi zochepa, kaya pamzere kaya pamsewu wotseguka, paipi ina ikuotcha pamene inzake ili zii. Si zimene wandiuza iwe. Koma ngati ukumukayikira, mayeso ake ndi a kukhitchini: muike m'poto wa madzi pambaula, madzi akamayandikira kuwira uone ngati akuyasamula. Akakana, gula wina. Mlonda akagona pantchito umalemba wina, suzula geti. Ukamuchotseratu, injini imachedwa kutentha, m'mawa wa mu Juni imayenda yozizira, kompyuta ya galimoto n'kumaonjezera petulo poganiza kuti kukadali m'mawa. Ndi mmene timagonera pamizere ya mafuta muno, iwe ukufuna galimoto yakumwa moonjeza? Pa injini zina, kumuchotsa kumasiyanso njira yachidule yotseguka, madzi ena n'kumazungulira osafika ku rediyeta n'komwe.

Mnzako wa dzira umuuze kuti mazira timadyera nsima. Ena amathira tsabola, ena fodya, ena sopo. Zimenezi zikhoza kutseka kabowo kwa tsiku limodzi uli pakati pa tchire, koma sizisankha bowo. Timachubu ta mu rediyeta ndi topyapyala kwambiri, ndipo dzira silidziwa kuti ili ndi bowo loipa, iyi ndi njira yabwino.

Ndikufunsenso, madzi a m'zigubuzo ukutunga kuti? Ndipo tsiku lija pa phiri unathira a pamjigo, si choncho? Kasuzumire m'ketulo ya mayi ako uone zoyera zokakamira pansi. Zomwezo zimamera m'timachubu ta rediyeta, ndipo mijigo yambiri ya ku chigwa cha Shire madzi ake ndi amchere. Madzi okhaokha amadyanso zitsulo: dzimbiri limayamba, mapiko a pampu amatha, madzi a mu rediyeta n'kusanduka ofiira ngati a m'chithaphwi. Rediyeta yotsekeka m'kati imadziwika potentha pamene galimoto ikuthamanga kapena yanyamula katundu, ngakhale fani ili bwino. Galimoto imene inali takisi, yonyamula anthu ndi matumba a makala osapuma, mwayi woti inkamwa madzi a paliponse ndi waukulu. Coolant si utoto wokongoletsa madzi. Amateteza ku dzimbiri ndipo amakweza mlingo wowira. Wa pinki amene Toyota imathira kufakitale amayenda makilomita 160,000 asanasinthidwe koyamba, kenako 80,000 iliyonse, koma ukayamba kumusungunula ndi madzi a pampopi masiku amenewo amafupika. Zonse zikakonzedwa, atsuke njira yonse, athire coolant woyenera, ngati ndi wofunika kusakaniza asakanize theka ndi theka ndi madzi aja ogulitsa a m'mabatire, osati asidi, ndipo atulutse mpweya wotsalira m'mapaipi, chifukwa mpweya wotsekeredwa nawonso umawiritsa injini. Kunja kwa rediyeta nakonso kuonedwe. Udzu, matope ndi mapiko a ngumbi zimadzaza pakati pa rediyeta ndi chinzake cha AC, mphepo n'kusowa podutsa. Atsuke ndi madzi oyenda mofatsa, asapinde timapiko take.

Chinthu chimodzi ndikunena nditasiya nthabwala. Coolant ndi poizoni, ndipo amatsekemera. Wa pinki kapena wobiriwira akakhala m'botolo la chakumwa, mwana amayesa juwisi. Msunge m'chigubu chake, pamwamba, ndipo wotayikira pansi umukwirire, agalu ndi amphaka amanyambita n'kufa.

Kanyali kakadzayakanso uli pamsewu, zimitsa AC, tsegula hita mpaka kumapeto ndi mawindo omwe. Mutuluka thukuta ngati muli m'uvuni wa njerwa, koma hita imathandiza kuchotsa kutentha mu injini pamene ukufuna poima. Ikamatulutsa mphepo yozizira injini ili moto, dziwa kuti madzi achepa kwambiri. Ima pamalo oyamba abwino, zimitsa injini, ika zizindikiro zako pamsewu. Nthunzi ikaleka tsegula boneti, udikire mphindi zosachepera 30, mpaka paipi ya pamwamba igwirike ndi dzanja ndipo ifewe. Pamenepo m'pamene ungatsegule chitsekerero, ndi nsalu yokhuthala, pang'onopang'ono, nkhope ili kumbali. Usakhuthulire madzi ozizira pa injini yotentha kapena m'kati mwake. Unaonapo tambula ya galasi ikathiridwa madzi owira? Chitsulo nachonso chimang'aluka chikadzidzimutsidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi ndalama m'thumba kufuna kugula galimoto yakale, chaona mnzako chapita. Kaioneni m'mamawa injini isanalire, ndipo mukapeza boneti ili yofunda kale, funsani chifukwa chake. Tsegulani chitsekerero muone mtundu wa madzi. Suzumirani kubuti: mukapeza chigubu cha madzi chobisidwa pafupi ndi tayala la sipeya, chimenecho ndi kalata ya kuchipatala ya galimotoyo. Ikwezeni chitunda chenicheni, kenako muisiye ikulira poima mphindi 15 muone ngati fani idzuka.

Tsono iwe wa ku Chilomoni, Loweruka lino usapite kokaonera mpira. Yamba ndi fani, bwera pa chitsekerero, werenga katoni yako, yang'ana thovu ndi oilo, kenako pita ku galaja ya zida uli ndi zoti unene. Mpaka zimenezi zitachitika, galimotoyo isakwere phiri lililonse, ngakhale kachitunda ka kwanu komweko uzikaganizira kawiri. Ndalama ikaperewera, masipika aja ali ndi msika, ndipo mwina kachetechete angakuphunzitse kumva galimoto yako ikamadandaula.

Za mtsikanayo usadandaule kwambiri. Sanati sakufuna iwe, wati sakufuna zigubu, ndipo pamenepo ine ndili mbali yake. Amene akundidetsa nkhawa ndi mayi ake. Galimoto ikachira, gula chitenje chabwino ndi nkhuku yoti ikaonekere, upite ku Nchalo ukapepese. Pobwerera uwakweze, udutse nawo pa Thabwa, ndipo mukafika pa mwala uja uchepetse liwiro, uwapatse mpata aulozere okha. Akaseka, chinkhoswe chilipo. Akafundanso chitenje kumutu, undilembere, tidzayambe kukambirana za njinga.

Ndine,
Azakhali ako